Ndi ana pa chilumba cha Likoma

Lachinayi usiku, Monkey Bay

Tinanyamuka kunyumba ku Chilomoni kusanache, ine, bambo a kunyumba ndi ana athu atatu, ndipo pamene kunkayera n'kuti tili kale ku Limbe, titakhala m'minibasi ya ku Mangochi kudikira kuti idzaze. Wachisamba wathu ndi mtsikana wa zaka 11, wopondana naye ndi mnyamata wa zaka 8, ndipo mzime ali ndi zaka 4. Onsewa anabadwira mu Blantyre, ndipo madzi aakulu amene ankawadziwa kufikira lero ndi a damu la Mudi, amene amawaonera patali tikamapita kwa azakhali awo ku Ndirande. N'chifukwa chake tinagwirizana kuti tchuthi chino tisapite nawo kumudzi monga mwa masiku onse, koma tisunge ndalama pang'onopang'ono kuti akaone nyanja ya dziko lawo ndi chilumba cha Likoma.

Msewu wa ku Zomba ana anauyenda ali m'tulo. Anadzidzimuka pa Thondwe, pamene ogulitsa malonda anaunjikana pa mawindo, ndipo tinagula phava la nthochi pa K1,000 ndi mbatata yowotcha yoti tidyere tiyi wa m'fulasiki. Pa Liwonde mnyamata wathu anaimirira kuti aone Shire, ndipo atate ake atamuuza kuti madzi onsewo akuchokera kunyanja kumene tikupita, komanso kuti ndi omwewo amene amapukusa makina a magetsi ku Nkula, anakhala chete kwa nthawi yaitali. Titadutsa Ulongwe kunayamba kutentha, migwalangwa ndi milambe inayamba kuchuluka, ndipo kudzanja lamanja kunaoneka nyanja ya Malombe.

Mzime ndinamunyamula pa miyendo kuchokera ku Limbe kuti tisamulipirire mpando, ndipo pofika pamenepa miyendo yanga inali itachita dzanzi. Agogo ena aakazi amene anakwerera pa Liwonde anaona mmene ndinkasunthirasunthira, ndipo anati, “Bweretsani kuno mdzukulu wangayo, mayi, miyendo yanu ipumeko.” Anamunyamula mpaka pa Mangochi, akumuthyolera chinangwa chophika chimene anamanga pa nsonga ya chitenje, ndipo potsika anakana botolo la zakumwa limene tinafuna kuwagulira.

Pa Mangochi tinasintha galimoto, ndipo tafika kuno dzuwa litapendeka. Tapeza chipinda m'nyumba yogona alendo pafupi ndi doko, chokhala ndi mabedi awiri ndi maneti a udzudzu amene ndawayang'ana bwinobwino kuti ndione ngati ali ndi zibowo. Ana aona nyanja kwa nthawi yoyamba. Wamkulu anafunsa kumene kuli tsidya lina, pamene mzime anakana kutsika pa msana panga. Thupi lonse likuwawa, ndipo ndikuvomera kuti mtima wanga suli m'malo ndikaganiza kuti mawa tigona pamwamba pa madzi.

Lachisanu, m'sitima ya Ilala

Sitimayi ndi yakale kuposa ine ndi bambo a kunyumba, ndipo ndi ya msinkhu wa mayi anga. Anaipanga ku Scotland m'chaka cha 1949, anabwera nayo zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo itailumikizidwa kuno kunyanja inayamba kuyenda mu 1951. Dzina lake ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Mtsikana wathu, amene anaphunzira za Livingstone chaka chomwe chino, ndiye anafotokozera mlongo wake zimenezi tili pa mzere wokwerera, ndipo anachita izi mokweza mawu kotero kuti abambo ena amene anali patsogolo pathu anatembenuka ndi kumuyamikira.

Pansi pa sitima ndi pamene pali moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja. Pali matumba a ufa ndi a chimanga, malata, simenti, makatoni a sopo ndi shuga, njinga yamoto yomangidwa ndi zingwe, nkhuku m'zitete, ndi amayi a geni amene amayenda ulendowu kawirikawiri ndipo amadziwa malo abwino oyala chitenje. Ife tinalipira malo a pamwamba, amene mtengo wake ndi wokwererapo, chifukwa tinafuna kuti ana azipuma mpweya wabwino ndiponso kuti tiziwaona onse nthawi imodzi. Kwa kholo limene likuyenda ndi ana aang'ono, ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera kuiika pa bajeti kuyambira pachiyambi, ngakhale kutakhala kuti kuchepetsa zina.

Chimene chinandiopsa nditangokwera ndi mipata ya zitsulo za m'mbali, imene mwana wa zaka 4 angathe kupyola. Ndinatenga chitenje, ndinamanga nsonga imodzi m'chiuno mwa mzime ndipo inayo ndinaimanga pa mkono wanga, ndipo takhala chomwecho tsiku lonse. Tinawavekanso majekete oyandamitsa pa madzi amene tinagula pa kaunjika ku Limbe, ngakhale kuti wamkulu anadandaula kuti akumutenthetsa.

M'mawa nyanja inali bata, ndipo ana anawerenga zilumba ndi mabwato mpaka ku Senga Bay. Titachoka kumeneko mwera unadzuka. Mphepo imeneyi imachokera kumwera ndipo ino ndiyo nyengo yake, miyezi yozizira, ndipo ikawomba sitima imapendekera uku ndi uku mosalekeza. Mnyamata wathu anayamba chizungulire kenaka anasanza nsima yonse ya masana. Mayi wina wa geni ya usipa, amene anakwera pamwamba kudzagula madzi akumwa, anatulutsa ndimu m'chikwama, analikanda ndi chikhadabo ndi kumupatsa mwanayo kuti azinunkhiza. “Asayang'ane pansi, mayi,” anandiuza, “ayang'ane kutali uko kumene madzi akumana ndi mitambo, ndipo musamukakamize kudya.” Patapita kanthawi mwanayo anagona, ndimu lili m'manja.

Chakumadzulo abambo ena anatilozera chilumba cha Mbenji, ndipo anafotokozera ana kuti kumeneko mfumu Makanjira ya ku Salima imatseka usodzi nyengo ya mvula chaka chilichonse kuti nsomba ziswane, ndipo mowa saloledwa pa chilumbapo. Wamkulu analemba zimenezi m'kope limene aphunzitsi ake anamuuza kuti azilembamo za tchuthi.

Pa Nkhotakota tinafika usiku. Sitima imaima patali ndi gombe, ndipo amatsitsa maboti ake awiri kuti azikatula anthu ndi katundu kumtunda ndi kubwera ndi ena. Ndinaimirira pa zitsulo kuonerera, tochi zikuwala pa madzi akuda, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, ndipo ndinaona khanda lokulungidwa m'shawelo likupatsiridwa kuchoka m'manja mwa munthu wina kupita kwa wina mpaka linafika kwa mayi ake amene anali atatsika kale. Palibe amene anafunsa kuti khandalo ndi la yani asanatambasule manja. Ndinabwerera pa mphasa yathu miyendo ikunjenjemera, ndipo ndinafunditsa ana bulangeti lachiwiri, chifukwa usiku wa Ogasiti pa nyanja ndi wozizira kuposa wa ku Chilomoni.

Loweruka, Likoma

Kutacha, mapiri a dziko la Mozambique anali pafupi kudzanja lamanja, ndipo mnyamata wathu, amene anadzuka ali ndi njala yoopsa, anafunsa ngati tasochera. Funso lake linali lanzeru, chifukwa Likoma ndi chilumba chinzake cha Chizumulu ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo kuchokera pano tauni ya Cobue ili pafupi kwambiri kuposa Nkhata Bay. Zinakhala chomwechi chifukwa amishoni a Anglican anakhazikitsa likulu lawo pano m'zaka za m'ma 1880, ndipo pamene Angelezi ndi Apwitikizi ankagawana malire, zilumbazi zinatsalira mbali ya Angelezi. Likoma ndi chilumba chaching'ono, cha masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 pa zilumba ziwirizi.

Kutsika kunali kwa chipwirikiti, chifukwa tsiku la sitima chilumba chonse chimabwera kudoko, ena kudzalandira abale, ena katundu, ena kudzangoona amene wabwera. Mnyamata wina wamtali anandilanda mzime ndi kumukhazika pa phewa, ndipo ndinamutsatira ndi maso mwamantha mpaka anakamutsitsa pa mthunzi wa mtengo ndi kuima pomwepo kudikira kuti ine ndifike.

Galimoto pano n'zowerengeka, ndipo misewu ndi ya mchenga ndi miyala. Katundu tinamukweza pa kabaza wa njinga yamoto, ndipo ife tinayenda pansi kuchokera pa Mbamba, pamene pali doko, kupita kumene tikugona, pakati pa milambe ikuluikulu imene nyengo ino ilibe masamba ndi mitengo ya mango imene yayamba maluwa. Anthu ambiri ku Blantyre amaganiza kuti Likoma ndi wa azungu okha, ndipo n'zoona kuti kuli malo ogona amene mitengo yake amaitchula m'madola. Koma kulinso nyumba za anthu wamba zolandira alendo, ndipo ife tapeza zipinda ziwiri kwa mayi ena achikulire, amene atilolanso kuphika pa mbaula yawo. Ufa, mafuta ophikira, shuga ndi nyemba tinabwera nazo kuchokera ku Blantyre, ndipo tachita bwino, chifukwa nthaka ya pano ndi ya miyala ndi mchenga, chimanga sichichita bwino, ndipo pafupifupi chilichonse cha m'golosale chimabwera pa madzi, zimene zimakweza mtengo wake. Ngakhale nkhuni zimachokera tsidya la Mozambique pa mabwato a matanga.

Madzulo mayi eni nyumba anatiphikira kondowole ndi utaka. Ana anazolowera nsima ya ufa woyera, ndipo kondowole anawavuta kutema chifukwa amanyududuka. Mayiwo anaseka, anakhala pansi pambali pa mzime ndi kumuonetsa kunyowetsa zala asanateme ndi kumeza mbamu yaing'ono osatafuna kwambiri.

Lamulungu

Tinakapemphera ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, ngakhale kuti ife si a mpingo wa Anglican. Za kukula ndi kukongola kwake ambiri analemba kale. Anayamba kuchimanga mu 1903 ndipo chinatha mu 1911, pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankatenthera anthu owaganizira ufiti. Chimene chinandigwira mtima ine ndi kuimba, chifukwa mpingo wonse unkaimba, osati kwaya yokha, ndipo mawu ankadzaza nyumba yaikulu ija popanda zokuzira mawu zambiri. Mzime anatopa mapemphero asanafike pakati, ndipo mtsikana wina wa msinkhu wa wachisamba wathu anamutenga ndi kutuluka naye panja pamene panali ana ena.

Titaweruka, abambo ena osamalira tchalitchi anaonetsa ana mtanda waung'ono umene unasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone. Anawafotokozeranso za Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja yomweyi mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi mphepo, ndipo anaikidwa ku Nkhotakota. Kenaka anatembenukira kwa mnyamata wathu ndi kumuuza kuti, “Wamva, mwanawe? Nyanja iyi siiona nkhope. Ukafuna kusamba, uyambe wafunsa akuluakulu.” Ndinawathokoza mumtima, chifukwa mawu amenewa ndakhala ndikuwanena sabata yonse, koma kwa iwo anawamva mosiyana.

Masana tinangogona. Pansi pankaonekabe ngati pakugwedezeka chifukwa cha sitima ija.

Lolemba

Lero ndi tsiku limene ana alowa m'madzi, ndipo ndisanawalole ndinakhala pansi ndi mayi eni nyumba ndi achimwene awo, agogo amene ndi msodzi wopuma, kuti andiuze malo oyenera. Anandiuza zinthu zimene sindikanazipeza pa mapu. Malo a bango ndi a udzu, kumene madzi sayenda, ndi oyenera kuwapewa pa zifukwa ziwiri. Kumeneko ndi kumene ng'ona ingabisale, komanso ndi kumene kumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Anati malo abwinoko ndi a mchenga woyera, ndipo gombe loyenera limasintha malinga ndi kumene mphepo ikuchokera. Agogowo anandilozera patali ndi kunena kuti ndikaona timafunde toyera pamwamba pa madzi, ndiye kuti mwera wafika ndipo ana atuluke, ngakhale pagombe pakuoneka bata. Anandichenjezanso kuti pamalo ena mchenga umatsetsereka mwadzidzidzi, kotero kuti mwana amene madzi akumulekeza m'chiuno akhoza kumira atangoponda kawiri.

Tinapita pa kagombe kotetezedwa ndi matanthwe mbali zonse ziwiri. Madzi ake ndi oyera mwakuti munthu amaona zala za kumapazi ali m'madzi olekeza m'khosi. Bambo a kunyumba anaima kutsogolo, kumene kukuyambira kuya, ine ndinaima kumtunda, ndipo ana anali pakati pathu. Posakhalitsa kunabwera ana a m'mudzi, ena a msinkhu wa mzime, amene amadumpha kuchokera pa thanthwe ndi kusambira ngati kuti anabadwira m'madzimo. Mnyamata wathu anachita manyazi ndi jekete lake ndipo anafuna kulivula, koma atate ake anakana. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti anzakewo sanamuseke. Mmodzi wa iwo anamugwira pachibwano ndi kumuuza kuti amenye miyendo, ndipo anabwerezabwereza mpaka mwanayo anayenda pa madzi kamtunda kakafupi yekha.

Tinabwera ndi magalasi osambirira amodzi okha, ndipo ana onse, athu ndi a m'mudzi, ankalandizana. Pakati pa miyala pali mbuna, tinsomba tating'ono ta mitundu yowala, tina tabuluu ta mizere yakuda, tina tachikasu, timene timadya ndere za pa matanthwe. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Wachisamba wathu anakhala nkhope ili m'madzi kwa nthawi yaitali, kenaka anadzuka akukuwa kuti waona nsomba ikumeza ana ake. Agogo aja anamufotokozera kuti siinawameze. Nsomba yaikazi ya mtundu umenewu imasunga mazira m'kamwa mpaka aswe, ndipo tiana tikayamba kusambira, timathawira m'kamwa mwa mayi wawo pakabwera choopsa. Chambo nachonso chimachita chimodzimodzi, n'chifukwa chake kugwira chambo nthawi yoswana kumapha nsomba zambiri nthawi imodzi. Ndinabwereka magalasiwo nanenso, ndinagwada pa mwala, ndipo ndinaona kansomba kotuwa ka masaya otupa kataima pansi pa thanthwe, tiana tating'onoting'ono tikuzungulira pakamwa pake.

Dzuwa la pano limawotcha ngakhale nyengo yozizira, chifukwa limabwereranso kuchokera pa madzi ndi pa mchenga. Titaona kuti lafika pamutu tinawatulutsa, tinawasambitsa ndi sopo ndi madzi a pa mpopi, ndipo anadya mpunga ndi nyemba mopanda kuwakakamiza.

Lachiwiri

Sitima inadutsa m'mawa pobwerera kumwera, ndipo tinapita ku Mbamba kukagula tomato ndi masamba amene anabwera nayo kuchokera ku Nkhata Bay. Mulu wa tomato umene ku msika wa Chilomoni ndikanagula pa K500 pano ndinagula pa K1,000, ndipo sindinanenerere kwambiri nditaona mtunda umene wayenda. Ma ajenti a Airtel Money ndi Mpamba alipo, koma ndalama za m'manja zimene tinabwera nazo ndi zimene zikutithandiza kwambiri pogula tinthu ta pagombe.

Mwera unawomba tsiku lonse ndipo ana sanalowe m'madzi. Anatola malambe ndi anzawo, anawaswa pa mwala, ndipo mayi eni nyumba anawaviika m'madzi ndi kuthira shuga pang'ono kuti amwe. Atsikana anasewera phada pa khonde, pamene mnyamata anakhala pansi pa mtengo wa mango kuonerera abambo akusewera bawo, mpaka mmodzi anamuitana kuti azimutolera nkhomo.

Lachitatu

Usiku wathawu nyanja inadzaza ndi nyali, mzere wautali kuchokera kumpoto mpaka kumwera, ndipo ana anaganiza kuti ndi tauni ya tsidya lina. Anali asodzi a usipa. Agogo aja anatiuza kuti tikafuna kuona mapeto a ntchitoyo tidzuke m'mamawa, ndipo tinatero, ngakhale kuti kudzutsa mzime kunali kovuta.

Usodzi wake umayenda motere. Munthu mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato laling'ono lokhala ndi nyali zowala kwambiri, ndipo usipa umasonkhana pansi pa kuwalako. Iye akaona kuti wachuluka amaitana anzake, amene amazunguliza khoka la chilimira ndi mabwato awiri ndi kulikoka. N'chifukwa chake mwezi ukawala kwambiri usipa umasowa ndipo mtengo wake umakwera ngakhale ku misika ya ku Blantyre, chifukwa nsomba sizitsatanso nyali za asodzi. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikugula usipa ku Limbe ndi kudabwa ndi kusinthasintha kwa mtengo, ndipo lero ana anga amva chifukwa chake kuchokera kwa anthu amene amagona pa madzi.

Mabwato anafika dzuwa likutuluka kuseri kwa mapiri a Mozambique. Asodzi anali atanyowa thupi lonse ndipo ankanjenjemera ndi chisanu, ena atavala majekete ong'ambika, maso ali ofiira. Amayi a geni anali akudikira ndi mabeseni, ndipo kunali kukangana pa mtengo wa ndowa kwa kanthawi, kenaka ntchito inayamba. Usipa wina amaumwaza wauwisi pa matandala, amene ndi mathebulo aatali a bango ndi ukonde, ndipo wina amayamba auviika m'madzi owira a mchere kwa kanthawi kochepa asanauyanike, umene ndi usipa wofutsa. Mayi wina anaitana wachisamba wathu kuti, “Bwera kuno, mwanawe, manja ali apowo agwire ntchito,” ndipo anamuonetsa kumwaza mopyapyala kuti nsomba zisasanjikizane, chifukwa zikasanjikizana zimaola zisanaume. Mnyamata anathandiza kukokera bwato kumtunda, akuimba nawo nyimbo yokokera imene sankaidziwa, ndipo mzime anapatsidwa ntchito yoingitsa nkhuku ndi akhwangwala pansi pa matandala, imene anaigwira ndi mtima wonse atanyamula kabango. Pomaliza anawapatsa usipa wodzaza kambale monga malipiro awo, ndipo tinakazinga pa nkhomaliro.

Tisananyamuke ku Blantyre ndinkada nkhawa kuti ana adzatopa pa chilumba chopanda wailesi yakanema ndi malo osewerera olipira, ndipo ndinaika padera ndalama yoti tidzawakweze boti la injini kuzungulira chilumba. Ndalamayo ikadali m'chikwama. Zimene zawagwira mtima ndi ntchito za anthu a pano, ndipo anthuwo sanawaone ngati alendo ofunika kuwasangalatsa, koma ngati ana ofunika kuwatuma ndi kuwayang'anira. Kwathu ku tauni mwana wa mnzako umamudzudzula mosamala kuopa makolo ake, koma pano mayi aliyense pagombe amakuwira mwana aliyense amene wapitirira malire a madzi, ndipo makolo amathokoza. Pamalo pamene pali madzi akuya chonchi, ulonda wa anthu onsewu ndi umene ukundilola kukhala pansi ndi kulemba.

Lachinayi

Tinayenda ulendo wapansi kulowera kumpoto, cha ku Makulawe, titanyamula madzi ndi zitumbuwa. Njira ndi yokwera ndi kutsika, ndipo mzime anathera pa msana pa atate ake. Tinadutsa minda ya chinangwa ndi amayi akuyanika chinangwa choviika pa matanthwe, chimene akasinja chimakhala ufa wa kondowole. Pa mlambe wina waukulu ana anagwirana manja ndi atate awo kuti auzungulire koma sanakwanitse. Tinamvanso kulira kwa nkhwazi, ndipo mnyamata anaizindikira kuti ndi mbalame imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu.

Pobwerera mzime anatentha thupi pang'ono ndipo anakana kudya. Mtima wanga unathamangira ku malungo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kutalika kwa chilumba, podziwa kuti sitima siibwera tsiku lililonse. Mayi eni nyumba sanalole kuti tidikire mpaka mawa. Anaitana mdzukulu wawo wa njinga yamoto, ndipo ananditengera ine ndi mwanayo kuchipatala, kumene anamuyeza magazi a pa chala ndipo sanamupeze ndi malungo. Anati ndi kutopa ndi dzuwa, amwe madzi ambiri ndipo apume. Titabwerera tinapeza mayiwo ataphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo anakhala nane pa mphasa mpaka mwanayo anagona. Usiku ndinadzuka kangapo kumugwira pamphumi ndi kuona ngati neti yapiringidwa bwino pansi pa matiresi.

Lachisanu

Mzime wadzuka ali bwino ndipo wamaliza phala lake. Tamusunga pa mthunzi tsiku lonse.

Chakumadzulo tinamva ng'oma, ndipo anzawo a ana anabwera kudzawatenga kuti akaonere abambo akukonzekera malipenga pa bwalo la m'mudzi. Guleyu anayamba ndi asilikali amene anabwerera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, ndipo n'chifukwa chake ovina amaima m'mizere ndi kuponda mofanana monga pa perete, ali ndi atsogoleri a maudindo awo. Malipenga ake ndi zikho zouma zimene munthu amaimbiramo, ndipo pakabowo kake amamatapo kanthu kopyapyala kamene kamanjenjemeretsa mawu. Lero sanavale zoyera zawo za pa tsiku la chionetsero, koma kuponda kwake kunali kwa ulemu ndi kosathamanga, abambo achikulire ali kutsogolo, anyamata kumbuyo, ndipo kumapeto kwenikweni kunali tiana tikutsanzira. Mnyamata wathu analowa pa mzere wa tianato, ndipo abambo ena anatuluka pa mzere wawo kudzamuwongola mapewa ndi kumuonetsa mwendo woyambira.

Tagula usipa wofutsa wodzaza ndowa yaing'ono kuti tikagawane ndi abale, ndipo mayi eni nyumba ausoka m'kathumba kuti usaphwanyike m'njira.

Lamulungu usiku, Chilomoni

Tinachoka pa Likoma dzulo madzulo pa sitima yopita kumpoto. Mayi eni nyumba anatiperekeza mpaka kudoko, atanyamula mzime kumsana, ndipo potsanzikana anati, “Muyende bwino, ana anga, ndipo mudzabwere nthawi ya mango.” Wachisamba wathu analira, ndipo anasiyira mnzake magalasi osambirira aja atatipempha chilolezo. Sitima inaima pa Chizumulu usiku, ndipo tinafika ku Nkhata Bay kusanache, nyanja ili bata, popanda amene anasanza.

Ulendo wa pa basi wotsata msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi wautali kwambiri kwa ana, ndipo amene angathe angachite bwino kugona tsiku limodzi panjira. Tinadutsa Chintheche, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, Nkhotakota kumene tinagula mpunga wa kilombero pawindo, kenaka Salima ndi Balaka. Pa Zalewa kunali kutada kale ndipo ana onse anali m'tulo, moti mnyamata sanaone Shire ulendo uno. Tinatsika mu Blantyre mochedwa, ndipo tinachita kubwereka takisi kuti itifikitse pakhomo.

Zovala zonse zili ndi mchenga ndi fungo la usipa, ndipo mawa ndi tsiku lochapa. Ndalemba pa kalendala ya kukhitchini kuti pakatha masabata angapo tonse tipite kuchipatala kukayezetsa likodzo ndi kulandira mankhwala a praziquantel ngati kungafunike, chifukwa tizilomboto timatenga nthawi kuti tikule m'thupi ndipo mankhwalawo sagwira bwino ntchito munthu akamwa atangotuluka m'madzi. Bambo a kunyumba ayamba kale kufunsa anzawo za malo ophunzitsira ana kusambira muno mu Blantyre, popeza mnyamata sakufuna kuiwala zimene anzake a ku Likoma amuphunzitsa.